Momwe mungaseweretsere Wacky Wheels pa kompyuta ya masiku ano

Wacky Wheels ndi masewera a mpikisano wa timagalimoto amene anatuluka mu 1994, olembedwa ndi Beavis Soft ndipo anafalitsidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Apogee Software. Oyendetsa ake ndi nyama zisanu ndi zitatu, monga njovu, ngamila, panda ndi shaki, ndipo chida chachikulu cholimbanirana ndi anzako ndi akanungu amene umawatola pamsewu n'kumawaponyera amene ali patsogolo pako. Vuto ndi lakuti masewerawa anapangidwira MS-DOS, pulogalamu yakale yoyendetsera kompyuta, choncho Windows ya masiku ano siingawatsegule payokha.

Njira yachidule ndiyo kugula masewerawa pa GOG, sitolo ya pa intaneti yogulitsa masewera a pa kompyuta, kumene amabwera atakonzedwa kale. Koma amene ali ndi mafailo akale, kapena gawo loyamba limene Apogee inkaligawa mwaulere kuti anthu alawe, ayenera kuika pulogalamu yaulere ya DOSBox, imene imachititsa kompyuta yatsopano kugwira ntchito ngati ya m'zaka za m'ma 1990.

Choyamba, pangani foda ya dzina lalifupi, monga C:\dos, ndipo muikemo foda ya masewerawo, tinene kuti wacky. Dzina lisapitirire zilembo 8, chifukwa DOS imadula maina aatali ndipo mungavutike kuwalemba. Mukatsegula DOSBox, lembani mount c c:\dos ndi kudina Enter, kenako c: ndiponso cd wacky, mukudina Enter mukamaliza kulemba lililonse. Musanayambe kusewera, lembani setup kuti musankhe zaphokoso. Sankhani Sound Blaster, ndipo ikakufunsani manambala, DOSBox imagwiritsa ntchito adiresi 220, IRQ 7 ndi DMA 1. Mukalakwitsa pamenepa, timagalimoto tidzayenda mwakachetechete, zomwe zimachotsa theka la chisangalalo kwa mwana. Mukamaliza, lembani ww kuti masewera ayambe.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi liwiro. Ngati chithunzi chikudukizadukiza, dinani Ctrl ndi F12 pamodzi kangapo kuti DOSBox iwonjezere mphamvu. Ngati zinthu zikuthamanga mopitirira muyeso moti galimoto ikungokhotera m'madzi musanaganize, Ctrl ndi F11 zimachepetsa. Sinthani pang'onopang'ono mukuyang'ana mmene msewu ukuyendera, osati kudina kambirimbiri nthawi imodzi. Alt ndi Enter zimadzazitsa chithunzi pasikirini yonse.

Kwa mwana amene akungoyamba kumene, sankhani injini yaing'ono ya 6 HP m'malo mwa 12 HP, chifukwa m'makona ambiri mumafunika dzanja lozolowera. Muphunzitseni kuyamba kukhota kona isanafike, popeza galimoto imatsetsereka pang'ono, ndiponso kuti asamamwaze akanungu mwachisawawa. Kanungu woponyedwa mdani ali kutali nthawi zambiri amangopita pachabe, pamene woponyedwa pamsewu wowongoka, mdaniyo ali pafupi ndiponso kutsogolo kwanu kwenikweni, amamuzunguza ndipo mumamudutsa mosavuta.

Ana awiri angathe kusewera pa kiyibodi imodzi, chithunzi chitagawidwa pakati. Makiyibodi ena otsika mtengo salandira mabatani ambiri odinidwa nthawi imodzi, ndiye mukaona kuti galimoto ya mmodzi ikukana kukhota pamene mnzake akuponya kanungu, mupatseni mmodziyo joystick (kachipangizo kogwira m'manja koseweretsera) kapena musinthe mabatani amene akugwiritsa ntchito.