Kumanga APRS m'galimoto: wailesi, TNC ndi GPS

Mwafunsa mmene galimoto ingaonekere pa mapu a aprs.fi ikamayenda pakati pa Ulongwe ndi Tete ku Mozambique. Njira yake ndi APRS, yotumiza malo omwe muli kudzera pa wailesi. Musanayambe mukhale ndi laisensi ya INCM (bungwe loyang'anira mauthenga ku Mozambique) yokhala ndi callsign (dzina lanu la pa wailesi) yoyamba ndi C9, wailesi ya VHF, TNC (kachipangizo kosandutsa uthenga kukhala mawu opita pa wailesi), GPS ndi eriyo ya padenga.

1. Tcherani wailesi pa 144.800 MHz. Thimitsani battery save, imadula mutu wa uthenga wobwera.

2. Waya wa sipika upite polowera mawu pa TNC, wochokera ku TNC upite ku maiki, kenako PTT (waya wouza wailesi kuti itumize) ndi ground. Pa Baofeng UV-5R, kabowo ka 2.5 mm ndi ka sipika, ka 3.5 mm ndi ka maiki.

3. GPS iikeni pa NMEA (kalembedwe ka uthenga wa GPS), liwiro 4800 baud. TX yake (potulukira uthenga) ilowe ku RX (polowera uthenga) ya TNC.

4. Mu TNC lembani callsign, kumapeto kwake -9 (chizindikiro cha galimoto), path (njira yodutsa uthenga) WIDE1-1,WIDE2-1, TXDelay (nthawi yodikira uthenga usanatuluke) 300 ms.

5. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amakweza mawu ochokera ku TNC poganiza kuti uthenga ufika patali. Umangophwanyika, wina aliyense osauwerenga. Mvetserani pa wailesi ina, kwezani mpaka kulirako kusiye kukula, ndiye mubweze pang'ono, deviation (muyeso wa kukula kwa mawuwo pa mafunde) ikhale pafupi ndi 3 kHz.

6. PTT ikamakanirira, RF (mafunde a wailesi) ikulowa m'mawaya. Kulungani waya pa ferrite (kamphete kotsekereza mafundewo), eriyo muitalikitse. TNC isakhale pa dashibodi, dzuwa la ku Tete silisewera.

Wailesi ya mnzanu ikamawerenga uthenga wanu koma pa mapu simukuoneka, musamasule mawaya. Palibe iGate (siteshoni yopititsa uthenga pa intaneti) yomwe yakumvani, makamaka mukatsikira m'chigwa cha Zambezi.