Kajambulidwe ka Nkhope Yosamaliza ndi Pensulo

Nkhope yojambulidwa theka m'buku la wojambula nthawi zambiri imakhala ndi moyo kuposa yodzazidwa mpaka m'makona a pepala. Diso la woonera limathamangira pamene pali mthunzi wakuda, ndipo pomwe pepala latsala loyera, maganizo ake amamalizitsa okha. Ingres, katswiri wa ku France amene anamwalira mu 1867, ankachita zimenezi pa zithunzi za pensulo zomwe ankajambula ku Rome: nkhope ankaisamalira kwambiri, koma zovala ankangozikhudza ndi mizere yochepa. Inunso sankhiranitu pomwe mukalekezere musanagwire pensulo.

Mapensulo atatu akukwanirani: HB yoyalira maziko, 2B ya mthunzi wapakati, ndi 4B ya malo akuda kwambiri. Zilembozi zimasonyeza kulimba kwa pensulo: yolembedwa H ili ndi dongo lambiri mkati, n'chifukwa chake imalimba n'kumalemba mopepuka. Ya B dongo ndi lochepa, ndiye imafewa n'kuda msanga, makamaka nambala yake ikakwera; HB ili pakati pa ziwirizi. Pepala likhale la magalamu 120 mpaka 160 pa sikweya mita, lokhakhala pang'ono. Chofufutira chikhale chija chofewa chokandika m'manja, chifukwa chimatola kuda osakanda pepala.

Mphindi 5 zoyamba gwirani HB chakumapeto, osati pafupi ndi nsonga, mulembe mutu wonse mopepuka ngati dzira. Maso ali pakati penipeni, kuyeza kuchokera pamwamba pa mutu mpaka kuchibwano. Ongoyamba kumene amawakweza kwambiri, mphumi n'kuchepa, munthu n'kuoneka ngati alibe chigaza. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi, ndipo kunsi kwa mphuno kuli chapakati pa nsidze ndi chibwano. Mizere yoyezerayi musaifufute yonse. Ndi imene imaonetsa mmene dzanja linkafufuzira, ndipo kukoma kwa chithunzi chotere kwagona pomwepo.

Kuwala kuchokere mbali imodzi. Tsinzinani pang'ono kuti mthunzi wa patsaya, m'mbali mwa mphuno ndi pansi pa mlomo uoneke ngati chinthu chimodzi, kenako muuyale ndi 2B, mizere yonse yopendekera mbali imodzi. Pensulo ya 4B isungireni malo anayi okha: mwana wa diso, pansi pa chikope chapamwamba, mabowo a mphuno, ndi mzere wa pakati pa milomo. M'diso siyani kadontho koyera osakhudza. Ngati nkhope yatembenuka pang'ono, malizani diso lomwe lili pafupi nanu, linalo likhale lotuwa. Onse awiri akada mofanana, woonera sadziwa poyang'ana.

Mukamachoka pakati pa nkhope, dzanja lizipepuka. Tsitsi lidetseni pamene lakhudza mphumi ndi khutu, kwinako mizere itatu kapena inayi yosonyeza kumene lagonera. Khosi mizere iwiri, phewa umodzi, ndipo pomaliza mzere muzikweza pensulo pang'onopang'ono kuti uzimiririke. Mthunzi ukathera pa malire akuthwa, mutu umaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi.

Kutikita ndi chala kumawononga kwambiri: mafuta a pakhungu amamata kuda papepala, ndipo banga lake limavuta kufufuta. Kukanikiza pensulo yolimba kumasiya timigula tomwe timaoneka toyera mukadzapaka 2B pamwamba. Kusanjikiza 4B kambirimbiri kumapangitsa malowo kunyezimira m'malo moda.

Pakatha mphindi 20 kapena 30, imikani bukulo, mubwerere mamita awiri. Ngati munthuyo akuzindikirika ndipo diso lake likukuyang'anani, ikani pensulo pansi, ngakhale khutu likadali mzere umodzi. Lembani deti pakona. Musanatseke buku, ikani pepala lopyapyala pamwamba, kapena poperani mankhwala oteteza zojambula kawiri mopepuka muli pa mtunda wa masentimita 30, apo ayi tsamba linalo lidzatenga kuda konse kwa m'maso.