Kakonzedwe ka makona a masewera pa sukulu ya mkombaphala

Pa sukulu zambiri za mkombaphala kuno ku Dedza, m'mawa wonse umatha ana ali pamkeka, mlezi ali kutsogolo ndi kamtengo, onse akubwereza mokuwa masiku a sabata m'Chingerezi. Makolo akamva phokosolo ali kudimba amati sukulu ikuyenda. Koma tengani mmodzi mwa ana oloweza manambala mpaka 20 aja, mumuuze kuti akupatseni mbatatesi zinayi. Nthawi zambiri amangotapa zodzaza manja. Nyimbo ya manambala waiyimba, koma kuwerenga sanayambe. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amaphunzira pogwira, pothira, pogumula ndi kumanganso, ndipo makona a masewera ndiwo amampatsa mpata umenewu tsiku ndi tsiku osagula chidole m'sitolo.

Kona ndi kachigawo ka chipinda, kapena ka pansi pa mtengo, kokhala ndi zipangizo za mtundu umodzi zimene mwana amasankha yekha. Malire ake akhale mkeka, thumba loyala kapena mzere wa phulusa. Pa ana 30 yambani ndi makona asanu kuti pa kona iliyonse pakhale ana asanu ndi mmodzi. Akapitirira pamenepo amayamba kulandana. Zipangizo ziikidwe pansi kapena pa thandala losapitirira m'chiuno mwa mwana. Zikakhala pamwamba, wosankha amakhala mlezi, ndipo cholinga chonse chimathera pomwepo. Kona ya nthano ndi zithunzi muiike kutali ndi ya zomangamanga, chifukwa nsanja ya matabwa ikagwa nthano imasokonekera.

Kona yoyamba kuikonza ikhale ya dongo, popeza dera lino dongo silisowa ndipo oumba mbiya ali m'midzi momwemu. Kumbani la padambo kapena la pachulu, kutali ndi chimbudzi ndi khola, chifukwa dothi la pafupi ndi malo amenewa limakhala ndi mazira a njoka zam'mimba ndipo mwana salephera kuika chala m'kamwa. Liyanikeni liume gwa, mulisinje mumtondo wakale, mulisefe kuchotsa timiyala ndi mizu. Ufawo uthireni m'ndowa, muike madzi ongokwanira kumiza ufawo, ugone usiku umodzi. Mawa lake tsanulani madzi apamwamba ndi kulikanda ngati mtanda wa mandasi. Poyesa, pukusani kachingwe konenepa ngati chala, mukapinde mozungulira chala chanu. Kakathyoka ndiye kuti mchenga wachuluka, onjezani dongo lonona. Likamamatira m'manja osachoka ndiye kuti lanona kwambiri kapena madzi achuluka. Wazani mchenga wosefa pang'onopang'ono mukukanda. Mwana aliyense apatsidwe mbulunga yonga lalanje, ndipo ndowa imodzi ya malita 20 imakwanira kona yonse kwa masabata angapo mukamabweza dongolo pomaliza. Lisungeni mu pulasitiki, kapena mulifunde chiguduli chonyowa ndi kutseka ndowa.

Apa ndi pamene alezi ambiri amalakwitsa mwa chifundo. Mwana wa zaka zitatu amangomenya dongo, kulitsina, kulipukusa ngati njoka. Mlezi amaona ngati palibe chikuchitika, amalanda dongolo ndi kumuumbira ng'ombe yokongola ya nyanga ndi linunda. Kuyambira tsikulo mwana amangobwera nalo dongo n'kumati, “Aphunzitsi, ndiumbireni.” Komatu kutsina ndi kupukusa kuja ndiko kukulimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo mu sitandade 1. Musiyeni. Khalani pansi pambali pake, mutenge dongo lanu, muziumba chinthu wamba chosaposa chake. Akakuonetsani chibuma chosadziwika mutu wake, musafunse kuti “N'chiyani chimenechi?” ngati mukumuzenga mlandu, kapena kumuuza kuti ng'ombe siikhala choncho. Nenani kuti, “Tandiuza za chimene waumbachi.” Akati ndi ng'ombe ya agogo, pitirizani: “Ikupita kuti? Miyendo ili nayo ingati? Tiye tiiwerenge.” Mwendo umodzi ukasowa, adzauona yekha pogwira uliwonse, ndipo nambala 4 adzaidziwa ndi zala, osati ndi pakamwa pokha. Mukafunsa, dikirani yankho. Werengani chamumtima mpaka zisanu musanalankhulenso. Mwana amachedwa kusonkhanitsa mawu kuposa mmene akulu timaganizira.

Zoumba zimene ana akufuna kusunga ziumire pamthunzi masiku atatu kapena anayi. Padzuwa kunja kumauma msanga m'kati mukadali monyowa, ndiye zimang'aluka. Mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu cha ku Bembeke ndi kufupi ndi phiri la Dedza chimaumitsa zala, kandani dongo ndi madzi ofunda ndipo konayi muitulutse panja dzuwa likakwera.

Kona ya zomangamanga njosavuta. Pemphani zidutswa za matabwa kwa kalipentala, muzipale ndi sandipepa, muchotse misomali. Onjezani zitsononkho zouma, timachubu ta nsungwi ndi mabokosi a machesi opanda kanthu. Zidutswa zikhale zosachepera 60. Zikachepa, mwana mmodzi amazikumbatira zonse. Kona ya masanje imangofuna timiphika, mithiko, zitenje zakutha zoberekera ana a zitsononkho, ndi kasikelo ka zitini ziwiri kuti ena azigulitsa tomato ngati pa msika wa Lizulu. Anyamata asathamangitsidwe pamenepa ati kuphika n'kwa atsikana, ndipo atsikana asaletsedwe kumanga. Pa kona yojambula, makala osinja amapereka utoto wakuda, katondo wofiira, phulusa wotuwa; sakanizani ndi kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa kuti utotowo ugwire pa katoni. Burashi ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kophwanya kunsonga.

Zowerengera zimafuna kusamala kwambiri. Nyemba, chimanga ndi mikanda yaing'ono zimalowa m'mphuno ndi m'khutu, ndipo zimatsamwitsa, makamaka poti ana aang'ono osakwana zaka zitatu amabwera nawo atatsatira achemwali awo. Gwiritsani ntchito nthangala za mango zouma, miyala yonga dzira la nkhuku, ndi zitsononkho zodula pakati. Nsatsi zisapezeke n'komwe pa sukulu, chifukwa njere zake ndi poizoni zikatafunidwa. Mukaika beseni la madzi loti ana azithira m'mabotolo, madzi asapitirire chikhatho kuya kwake, pakhale munthu wamkulu nthawi yonse, ndipo muwataye masewera akatha.

Nthawi ya makona ikhale mphindi 45 mpaka ola lathunthu, ana atangomaliza bwalo la m'mawa, pamene onse amakhala pamodzi pamkeka ndi mlezi. Bwalolo lisapitirire mphindi 15, chifukwa akayamba kutsinana ndi kugona pamkeka ndiye kuti lawatalikira, si mwano ayi. Musalize belu mphindi khumi zilizonse kuti asinthane makona. Mwana amene wayamba kumanga khola amafuna nthawi yoti lilephereke, aganize, ayesenso. Pofuna kuchepetsa kuthithikana, pachikani timikanda ta chingwe tisanu ndi kamodzi pa kona iliyonse. Wolowa avale kamodzi, tikatha ndiye kuti kona yadzaza, ena adikire kapena asankhe ina. Pakatha sabata ana amalisunga okha lamuloli. Kukatsala pang'ono kuti nthawi ya makona ithe, achenjezeni kaye, kenako atolere okha zipangizo m'madengu ake. Kuika matabwa kwa matabwa, zitsononkho kwa zitsononkho, ndi phunziro la masamu palokha. Akachoka apo apite pa mpondagiya kukasamba m'manja ndi sopo asanalandire phala. Tsiku limene ana afika ndi njala, monga zimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale, yambani ndi phala, makona pambuyo.

Pamene ana akusewera, mlezi mmodzi akhale ndi kope ndipo tsiku lililonse aziyang'anitsitsa ana atatu okha, n'kulemba zimene waona ndi maso: wajambula chozungulira, wadumpha ndi mwendo umodzi, wawerenga miyala isanu akuigwira umodziumodzi. Pakatha masabata awiri ana 30 onse amakhala atalembedwa. Kopeli ndilo mudzaonetse makolo ndi a komiti akadzafunsa kuti bwanji ana akungosewera m'malo mophunzira. Ndi momwemonso mumaonekera mwana wofunika thandizo: wa zaka zitatu amene salumikiza mawu kukhala chiganizo, amene satembenuka mukamuitana chakumbuyo, wotuluka mafinya m'khutu, kapena woyandikiza zinthu kumaso kwenikweni. Musamutche dzina lililonse pamaso pa anzake. Lankhulani ndi mayi ake kapena bambo ake pambali, mwaulemu, ndipo muwalumikize ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti mwanayo akapimidwe kuchipatala.

Lachisanu lililonse yang'anani zipangizo chimodzichimodzi. Tayani zosweka ndi zochita nkhungu, yanikani zitenje padzuwa, ndipo madengu muwapachike kudenga kapena pathandala, chifukwa chiswe chingathe kumaliza katoni ndi zitsononkho m'masiku awiri okha a Loweruka ndi Lamulungu.