Kuzungulira Valletta ndi gombe la Malta pa galimoto tsiku limodzi

Bwerekani galimoto yaing'ono, misewu ya m'midzi ndi yopanikiza. Amayenda kumanzere, liwiro ndi makilomita 50 pa ola m'tauni ndi 80 kunja.

Lawirirani ku Marsaxlokk mukaone mabwato a asodzi openta maso kutsogolo. Lamlungu kumakhala msika wa nsomba, mukachedwa poimika mupasowa. Kenako pitani ku Wied iż-Żurrieq mukakwere bwato la ku Blue Grotto dzuwa lisanakwere, ndi pamene madzi a m'phanga amawala. Nyanja ikawinduka mabwato sayenda, ndiye ingoonerani pamwamba, m'mbali mwa msewu.

M'Valletta, likulu la Malta, musalowe ndi galimoto. Makamera amajambula nambala, ndipo masiku a ntchito mumalipira malinga ndi nthawi imene mwakhalamo. Isiyeni ku Park and Ride ya ku Floriana, malo oimikapo galimoto kunja kwa mzindawu, mufike ku Upper Barrakka Gardens isanakwane 12 koloko, nthawi imene amaomba mzinga, kupatula Lamlungu.

Imikani m'mizere yoyera basi. Yachikasu ndi chindapusa, yobiriwira m'Valletta ndi ya anthu okhala mumzindamo.

Ku Mdina, mzinda wakale wa mpanda, galimoto za alendo zimatsala kunja kwa chipata. Madzulo katsirizireni ku Dingli Cliffs dzuwa likulowa.