Kagulidwe kabwino ka mankhwala m'mafamasi akuluakulu a mu Johannesburg

Aliyense amene wakhalako miyezi ingapo kuno ku Joni amazidziwa zikwangwani ziwiri, chobiriwira cha Dis-Chem ndi chabuluu cha Clicks. Ambiri a ife timalowa m'masitolo amenewa mwamantha, kulipira ndalama imene atiuza, n'kutuluka osafunsa kanthu, poganiza kuti kampani yaikulu chonchi singalakwitse ndipo mlendo alibe pakamwa. Maganizo onse awiriwa si oona, ndipo milandu imene makampaniwa akhala akuyankha ndi imene ikutisonyeza malo oyenera kusamala.

Dis-Chem inayamba mu 1978 ngati kasitolo kamodzi ku Mondeor, kummwera kwa mzinda uno, osati kutali kwenikweni ndi Rosettenville ndi Turffontein kumene abale athu ambiri amachita lendi. Eni ake anali Ivan ndi Lynette Saltzman, banja la akatswiri a zamankhwala. Mu 2016 kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa JSE, ndipo lero ili ndi mafamasi oposa 250. Clicks ndi yakale kuposa pamenepo, pakuti Jack Goldin anaiyambitsa ku Cape Town mu 1968, koma kwa zaka zambiri sinkaloledwa kukhala ndi famasi, chifukwa lamulo linkafuna kuti mwini famasi akhale katswiri wa zamankhwala. Lamuloli litasintha mu 2003, Clicks inatsegula famasi yake yoyamba mu 2004, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makampani akuluakulu akhala akulanda makasitomala a mafamasi ang'onoang'ono a m'madera.

Musanapite kusitolo, dziwani gulu la mankhwala amene mukufuna. Dziko lino linagawa mankhwala m'magulu otchedwa Schedule. A gulu 0 amakhala pa mashelefu ndipo mumangotenga nokha, a gulu 1 ndi 2 amakhala kuseri kwa kauntala ndipo mumawapempha kwa wafamasi popanda kalata ya dokotala, pamene a gulu 3 kupita m'mwamba simungawagule popanda kalatayo. Pa mankhwala a gulu 2, monga ena a chifuwa ndi opha ululu okhala ndi codeine, adzakufunsani dzina ndi kumene mumakhala. Musadzidzimuke n'kuganiza kuti akufufuza za mapepala anu okhalira m'dziko muno. Lamulo limawauza kulemba zimenezi kwa wogula aliyense, mbadwa ndi mlendo yemwe.

Nkhani ya kalata ndi imene imapweteka anthu athu kwambiri. Tsiku lina ndili pamzere ndinaona mayi wachikulire akutambasula buku lake la kuchipatala lochokera kumudzi, lokutidwa bwino ndi pulasitiki, akuloza tsamba limene analembapo mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Wafamasi anapukusa mutu. Mayiyo anatembenuka akudandaula m'Chichewa kuti amukanira chifukwa ndi wobwera, ndipo nditawapatsa moni ndinawauza kuti, “Mayi, sikuti akukudani ayi, koma bukuli kuno silikwanira. Akufuna kalata ya dokotala wovomerezeka m'dziko lino.” Ngati inu kapena kholo lanu muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a magazi kapena a mphumu, musadikire kuti atsale mapilitsi awiri. Tengani bukulo pamodzi ndi kabokosi kakale ka mankhwala, pitani kukiliniki kapena kwa dokotala wa kuno, ndipo mupemphe kalata yobwereza, chifukwa pa mankhwala ambiri otere kalata imodzi ikhoza kukutumikirani mpaka miyezi 6.

Tsopano za mtengo, pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Kuyambira mu 2004, wopanga mankhwala ayenera kugulitsa mankhwala ake pa mtengo umodzi kwa famasi iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, ndipo mtengowo umatchedwa single exit price. Chimene famasi imaonjezerapo ndi ndalama ya ntchito yokupatsirani mankhwalawo, imenenso boma linaiikira malire. Choncho kusiyana kwa mitengo pakati pa sitolo ndi sitolo pa mankhwala a kalata si kwakukulu monga ambiri amaganizira. Ndalama zenizeni zimapulumuka mukasankha pakati pa mankhwala a dzina lotchuka ndi a generic, amene mphamvu yake ndi yofanana koma opangidwa ndi kampani ina. Gawo 22F la lamulo la zamankhwala la mu 1965 limalamula wafamasi kukuuzani za mankhwala otere, pokhapokha dokotala atalemba kuti asasinthidwe.

Komabe musakhutire ndi generic yoyamba imene akupatsani. Funsani kuti alipo angati a mtundu umenewu ndipo wotsika mtengo kwambiri ndi uti, kenako muwapemphe akuwerengereni mitengo yonse pa kompyuta yawo. Funso limeneli lili ndi maziko ake. Bungwe la mafamasi oima paokha la ICPA linatengera Clicks kukhoti ponena kuti gulu la makampani ake linali ndi mafamasi ogulitsa mankhwala komanso kampani yopanga mankhwala ya Unicorn Pharmaceuticals, pamene malamulo amaletsa kukhala ndi phindu mbali zonse ziwiri. Nkhawa yake ndi yosavuta kuimvetsa: wogulitsa akakhalanso wopanga, dzanja lake likhoza kumathamangira ku katundu wake osati ku chimene chikukomera wodwala. Mu 2023 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mokomera ICPA. Kwa ine chigamulo chimenechi chikutanthauza kuti wogula amene akufunsa mitengo ya mankhwala ena sakuchita mwano, akungochita chimene malamulo anakonzera kuti chizitheka.

Zinthu za pa mashelefu, monga mavitamini, mafuta odzola, matewera ndi zovala kumaso zotetezera matenda, sizimangidwa ndi mtengo umodzi uja, ndipo apa m'pamene muyenera kuyerekeza ndi masitolo ena. Kumayambiriro kwa mliri wa Covid-19 mu 2020, anthu anadandaula kuti Dis-Chem yakweza kwambiri mitengo ya mamasiki, ena mpaka kuposa katatu. Bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linafufuza, ndipo mu July chaka chomwecho bwalo loweruza milandu yotere la Competition Tribunal linapeza kampaniyi yolakwa n'kuilipiritsa chindapusa cha R1.2 miliyoni. Ndalamayi ndi yochepa kwa kampani ya msinkhu umenewo, koma mlanduwo unayamba ndi ogula wamba amene sanangong'ung'udza m'mitima. Sungani lisiti nthawi zonse, ndipo mukaona mtengo wadumpha modabwitsa, jambulani kapepala ka mtengo pa shelefu ndi foni yanu. Yang'ananinso lisiti musanachoke pakhomo kuti muone ngati mtengo wa pa tilu ukufanana ndi wa pa shelefu.

Pa tilu pomwepo adzakufunsani ngati muli ndi khadi la sitoloyo. Makadiwa amathandizadi, makamaka kwa amene muli ndi makanda, koma dziwani kuti mukupereka dzina, nambala ya foni ndi imelo. Mu 2022 zinthu zoterezi, za anthu pafupifupi 3.6 miliyoni a Dis-Chem, zinafikiridwa ndi anthu osaloledwa kudzera ku kampani ina imene inkawagwirira ntchito, ndipo mu 2023 bungwe loyang'anira zinsinsi za anthu la Information Regulator linalamula Dis-Chem kukonza chitetezo chake motsatira lamulo loteteza zinsinsizo la POPIA. Lembani zokhazo zimene zili zofunikira pa fomu, kanani mauthenga otsatsa malonda ngati simukuwafuna, ndipo wina akakuimbirani n'kunena kuti ndi wa kufamasi, akufuna nambala yachinsinsi ya khadi lanu la kubanki, dulani foni.

Zikalakwika, yambani ndi wafamasi wamkulu wa sitoloyo, pakuti famasi iliyonse imayenera kukhala ndi katswiri mmodzi amene amayankha pa zonse zochitika mmenemo. Ngati sizikutheka, dandaulo la khalidwe la wafamasi kapena la kupatsidwa mankhwala olakwika limapita ku bungwe loyang'anira akatswiri a zamankhwala la South African Pharmacy Council, la mankhwala oonongeka kapena okayikitsa limapita ku bungwe lovomereza ndi kuyang'anira mankhwala la SAHPRA, ndipo la mitengo ndi katundu limapita ku bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission kapena ku Competition Commission. Lembani tsiku, nthawi, nthambi ya sitolo ndi chimene chinachitika, n'kuphatikizapo chithunzi cha lisiti.

Amene mumagulira makolo kumudzi n'kutumiza pa basi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, musachotse mapilitsi m'bokosi lake pofuna kuchepetsa katundu, chifukwa kapepala kamene wafamasi wamatapo ndi kamene kali ndi dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Onani tsiku lothera mphamvu muli pakauntala pomwepo, ndipo mufunse ngati mankhwalawo angapirire ulendo wa masiku awiri m'basi yotentha, pakuti ena, monga insulin, amafuna kuzizira njira yonse kuchokera pa Park Station mpaka akafike m'manja mwa wodwala.