Mmene mungasungire logbook ya maopaleshoni mukatumizidwa ku Mangochi

Dokotala amene akuphunzira opaleshoni, kaya kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa (zaka 2 za gawo loyamba lotchedwa MCS, kenako gawo la ukatswiri lotchedwa FCS), kapena digiri ya ukatswiri ya MMed ya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), amayenera kusonyeza mu logbook, buku lolembamo maopaleshoni, zimene manja ake agwira. Pa chipatala cha boma ngati cha Mangochi ntchito ndi yosasowa, koma imabwera ya mtundu umodzimodzi: siza, hernia (matumbo kutulukira pamalo ofooka a mimba), hydrocele (madzi kudzaza m'thumba la machende), zithupsa, mabala a ngozi zapamsewu, nthawi zina olumidwa ndi ng'ona. Buku limadzaza msanga, pomwe mbali zina za silabasi zili mbee.

Musanayambe, tengani mndandanda wa maopaleshoni amene koleji yanu ikufuna, muugawe patatu: amene mungachite konkuno, amene amabwera mwa apo ndi apo monga matumbo opotana kapena obooka ndi taifodi, ndi amene simungawapeze, monga a chithokomiro ndi a makanda obadwa ndi vuto la matumbo.

Lembani tsiku lomwelo, musanachoke ku fiyeta. Ikani tsiku, nambala ya fayilo (osati dzina la wodwala), zaka zake, matenda, opaleshoni, ngati inali yadzidzidzi, ndi amene anakuyang'anirani.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi polemba gawo limene agwira pa opaleshoniyo. Kuthandizira n'kwina, kuchita mphunzitsi atavala magolovesi pambali panu n'kwina, kuchita nokha n'kwinanso. Mukangotseka khungu, musalembe kuti mwachita laparotomy (opaleshoni yotsegula mimba). Oyesa mayeso akafunsa mmene munalumikizira matumbo, zimaonekeratu. Pa chipatala cha boma nthawi zambiri amene ali nanu ndi clinical officer. Ambiri ndi akatswiri ndithu pa siza ndi hernia, phunzirani kwa iwo, koma funsiranitu ku koleji ngati siginecha yawo ikuwerengedwa komanso ngati miyezi ya kuno ikulowa m'nthawi ya maphunziro.

Lembaninso zotsatira mpaka masiku 30: bala kuchita mafinya, kubwerera ku fiyeta, imfa. Odwala ochokera ku Makanjira kapena Namwera sabweranso kawirikawiri chifukwa cha mtunda, choncho tengani nambala ya foni ya wowadikirira asanatuluke.

Miyezi 3 iliyonse khalani pansi ndi mphunzitsi wanu, muyerekeze buku ndi silabasi. Pamene buku likuperewera, pemphani msanga masabata ku Zomba Central kapena ku Queens, chifukwa chaka chomaliza aliyense amakhala akulimbirana odwala omwewo.