Mmene mungayezere tulo ta wodwala wa mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) atachitidwa opaleshoni ya mtima

Wodwala amene wang'ambidwa pachifuwa amagona chagada osatembenuka, poopa ululu wa pabala ndi mapaipi otulutsa magazi. Namwino akamuona atatsinzina amalemba kuti wagona bwino, chonsecho munthuyo wachezera. Kachipangizo ka pamkono ka actigraphy kamanamizidwanso chimodzimodzi, chifukwa kamangoyeza kusuntha kwa thupi. Polysomnography, yoyeza mafunde a ubongo, ndiyo yolondola koposa, koma ndi yodula ndipo imafuna katswiri woiwerenga. Choncho pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, funsani mwini tuloyo.

Musanamufunse, onani ngati mutu ukugwira. Yezani RASS (muyeso woona ngati ali maso, akuodzera kapena akusakhazikika) ndi CAM-ICU (muyeso wofufuzira kubalalika kwa maganizo). Akapezeka ndi delirium, kubalalika kwa maganizo kumene kumagwira ambiri pambuyo pa opaleshoni ya mtima, mayankho ake ndi osadalirika. Lembani kuti sanayezedwe, osamuyankhira.

Kukacha, asanaiwale za usikuwo, mpatseni pepala la Richards-Campbell Sleep Questionnaire. Lili ndi mafunso asanu: kuya kwa tulo, kufulumira kwa tulo kubwera, kudzukadzuka, kugonanso akadzuka, ndi ubwino wa tulo tonse. Funso lililonse lili ndi mzere wa mamilimita 100, pomwe 0 ndi poipitsitsa ndipo 100 ndi pabwino zedi. Wodwala alembe X pamzerepo; amene akadali ndi paipi yopumira angoloza ndi chala. Yezani ndi rula kuchokera pa 0 kufika pa X, phatikizani zisanuzo, gawani ndi 5. Ambiri amatenga nambala yosafika 50 ngati tulo toipa. Samalani ndi fotokope, imatha kufupikitsa mzerewo, ndipo wovala magalasi mumuveke kaye.

Nambala payokha sithandiza kwenikweni. Pambali pake lembani chimene chinamudzutsa: ululu potsokomola, kulira kwa makina, magetsi, kutenga magazi pakati pa usiku, kapena mankhwala ochotsa madzi m'thupi, furosemide wa madzulo yemwe amamukodzetsa pafupipafupi. Mankhwala a morphine ndi midazolam amagoneka munthu koma amachepetsa tulo ta REM, gawo la tulo limene munthu amalota kwambiri. Lembaninso zogona masana, pakuti pepalali limafunsa za usiku wokha.

Opaleshoni isanachitike, ndi bwino kuyeza ndi PSQI (Pittsburgh Sleep Quality Index), fomu yofunsa za tulo ta mwezi wathawo. Nambala ikapitirira 5 ndiye kuti vuto linalipo kale. Funsaninso achibale ngati wodwalayo amaliza mkonono ndi kubanika kutulo, chifukwa wotere angafunike CPAP, makina opopera mpweya kudzera pa chophimba mphuno kuti njira yopumira isatsekeke, akangochotsedwa pa makina opumira.